Mayi Anapita Osasambitsidwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene kolera inalowa ku Makhanga, madzi osefukira atangoyamba kuphwera. Matope ankanunkha nsomba zowola, ndipo kulira kunkamveka lero kuno, mawa uko. Anyamata a chipani ankayenda mudzi ndi mudzi kulengeza kuti maliro a kolera asasambitsidwe, aikidwe tsiku lomwelo. Masiku amenewo mawu a chipani sunkafunsa kawiri.

Ife tinali Asilamu, mabanja ochepa ogulitsa nsalu pakati pa anansi achikhristu, ndipo kwathu munthu sapita kwa Mulungu osasamba. Mayi anadwala Lachiwiri m'mawa, Lachitatu masana n'kutisiya. Bambo anali tsidya la Shire, madzi atawatsekera njira. Mayi aakulu, mkulu wawo wa mayi, anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe Asiyatu, mwana wamkazi wamkulu ndiwe. Katunge ndowa zitatu, usauze munthu. Ine ndisambitsa, iwe uzithira madzi."

Ndinanyamula ndowa n'kupita kuchitsime. Ndinkaopa a chipani. Ndinkaopa thupi la mayi, lomwe linali litafota, maso atalowa m'kati. Koma mantha aakulu anali akuti mayi akalowa m'manda ali ndi litsiro, mlandu n'kukhala wanga.

Ndikutula ndowa yachitatu, anatulukira a Shehe a pamzikiti pathu, bambo woonda wotsokomolatsokomola, mkanjo uli matope mpaka m'mawondo. Anayang'ana ndowazo, kenako anayang'ana ine.

"Madzi amenewa mukasambitsira, apita kuti?"

"Apita pansi, a Shehe," anayankha mayi aakulu. "Kapena nanunso mwayamba kuopa chipani kuposa Mulungu?"

"Chipani ndimachiopa, sindinama. Koma pansi pomwepo m'pamene pali chitsime chanu ndi cha anansi anu. Manja osambitsawo ndi omwewo adyetse ana phala mawa. Chilamulo chinabwera kudzasunga moyo wa anthu, amayi. Kusambitsa kukasanduka kupha timasiya, ndipo wapitayo alibe mlandu."

Anatilamula kuchita tayamamu, kuyeretsa ndi dothi louma m'malo mwa madzi. Koma dothi louma ulipeza kuti dziko lonse lili matope? Tinachita kukanda khoma la nyumba yathu, cha kudenga kumene madzi sanafike. Mayi aakulu anakulunga manja ndi nsalu, anagunda dothilo, n'kusisita pamwamba pa sanda, nsalu yokulungira maliro, kumaso ndi m'manja mwa mayi, misozi ili chuchuchu. Amuna asanu okha anaswalira mayi pemphero la maliro, anawatenga n'kunyamuka. Ine ndinatsala pakhonde ndi mng'ono wanga kumsana, osatha ngakhale kulira.

Mayi aakulu anafa asanawapatsenso moni a Shehe. Nanenso ndinawada zaka zambiri. Ndikamasamba, sopo ali thovu thupi lonse, ndinkaona ngati ndikuwabera mayi.

Lero ndine mmodzi wa amayi osambitsa maliro pamzikiti pathu. Ntchitoyi ndiyo inandimasulira mawu a Shehe aja. Ndikudziwa mmene madzi amathovukira kumaso ngakhale usamale chotani, mmene amalowera m'zikhadabo ndi kunyowetsa chitenje. Ndikanathira madzi tsiku lija, ndikanachoka pomwepo kukaphikira ang'ono anga atatu, pakuti wowaphikira wina panalibe.

Mtima umawawabe kuti ndasambitsa amayi a eni ambirimbiri, anga sindinawasambitse. Koma tonse anayi tinakula, ndipo chitsiriza wathu chaka chino waona mdzukulu.