Nyemba Yonyowa

Azakhali anga, achemwali a bambo, anthu ankawatcha Mayi Zikhomo. Munda wawo unali pamtsetse, ndipo kumunsi kwake kunali chigwembe chachikulu chimene madzi a mvula anakumba. Chigwembecho ndi chimene chinawalanda mwamuna. M'mawa wina amuna awo akupalira chakumphepete, nthaka inangotitimira nawo, ndipo anthu anakumba masiku awiri asanawapeze.

Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikatha, azakhali ankakhoma zikhomo m'mbali mwa chigwembe n'kumayeza ndi mapazi kuti aone kuti chadya munda wochuluka bwanji. Sankalemba paliponse. Ukawafunsa ankangoti, "Chaka chino chadya anayi." Anali munthu wa mawu ochepa, koma akati akuseke sankaphonya. Ine ndikadandaula msana ankati, "Msana wako, mwanawe, umayamba kuwawa ukangoona khasu."

Chaka china m'chilimwe kunabwera mlangizi watsopano wa zaulimi, mayi wofatsa wovala magalasi. Anatiitana alimi tonse a pamtsetsewo m'kalasi ya pasukulu, tinakhala pamadesiki a ana mawondo akugunda matabwa. Anati sanabwere kudzatilamula, koma kuti tisankhe tokha chobzala kuti nthaka isiye kukokoloka. Patebulo anaika makapu atatu: ya udzu wa vetiva, ya mitengo yobwezera chonde, ndi ya nsungwi. Aliyense anamupatsa nyemba imodzi yoti aponye m'kapu imene wakonda.

Tinalipo anthu makumi atatu ndi mmodzi. Atakhuthula makapuwo n'kuwerenga, nyemba zinapezeka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo nsungwi zinaposa vetiva ndi nyemba imodzi yokha.

"Wina waponya kawiri," anatero mlangizi akumwetulira. "Tibwereze."

Anatseka chitseko, anatenga nyemba zina m'thumba latsopano, n'kumaika yekha m'dzanja la aliyense akuwerenga mokweza. Tinaponya mmodzimmodzi iye akuyang'ana. Atawerenganso, zinali makumi atatu ndi ziwiri, ndipo nsungwi zinaposanso vetiva ndi nyemba imodzi. Pamulu wa nsungwi panali nyemba imodzi yonyowa, yotupa, yamatope ofiira. Mvula inali isanagwe kwa miyezi isanu, ndipo dothi lofiira chotero kwathu limapezeka pansi pa chigwembe pokha.

Bambo wina woweta mbuzi ananyamula chipewa chake n'kusendera kuchitseko. Mlangizi anatola nyemba ija kuti aiike pambali, koma azakhali anaimirira.

"Isiyeni pomwepo, alangizi. Nawonso ali ndi munda kuno."

Palibe anafunsa kuti akunena ndani. Mlangizi anapukuta chala pansalu yake n'kulemba kuti alimi asankha nsungwi.

Mawa lake masana tinapita kuchigwembe kukaika zizindikiro za mzere wobzalamo. Mlangizi anali ndi pepala lake lojambula bwino, ndipo mzerewo unkadutsa mapazi asanu kuchokera m'mphepete. Azakhali anakana. Anatenga mpini wa khasu n'kugogoda pansi pomwe tinaima. Nthaka inalira ngati mgolo wopanda kanthu. Anayenda chakumtunda akugogoda, ife tikutsatira mwakachetechete, mpaka kulirako kunasintha.

"Bzalani apa. Uko n'kwa chigwembe kale, changotsala kudzatenga."

"Koma mayi, mukutaya mizere khumi ya munda wanu," anatero mlangizi.

"Ndinataya zoposa mizere."

Mlangizi anayang'ana pepala lake kwa kanthawi, kenako anafufuta mzere wake n'kujambula wa azakhali. Pobwerera anandinong'oneza kuti pamene azakhali ankagogoda malo opanda kanthu aja, iye anamva ngati pansipo pakuyankha kugogodako. Ine sindinamuuze kuti nanenso ndinamva.

Tinabzala nsungwi mvula yoyamba itagwa, ndipo amene ankafuna vetiva anabzalanso wawo m'mizere ya kumtunda, popeza azakhali anati mizu siikangana. Mwezi wachiwiri wa mvula, malo onse amene mlangizi anafuna kubzalamo poyamba anagumukira m'chigwembe tsiku limodzi, dzuwa likuwala. Kugumukako kunalekeza phazi limodzi kuti kufike pa nsungwi zathu. Chaka chotsatira chigwembe chinadya pang'ono pokha, kenako chinaleka, ndipo pansi pake panayamba kumera udzu.

Nsungwi zitakula, azakhali anayamba kukapumira pamthunzi wake masana aliwonse. Nthawi zina ndikamadutsa ndinkawamva akuyankhula motsitsa, n'kudukiza ngati akumvetsera, n'kuseka pang'ono. Nsungwizo zinkalira kwee, kwee, ngakhale kopanda mphepo. Nditawafunsa kuti amacheza ndi ndani anati, "Lima, mwanawe. Makutu sapalira."

Azakhali anamwalira chaka chachisanu ndi chimodzi chibzalireni nsungwizo, atadwala chifuwa sabata ziwiri. Popeza ana awo onse ali kutauni, mundawo ndimalima ndine. Chimanga chimabereka bwino mpaka mzere womaliza, ndipo alimi a madera ena amabwera kudzaona mmene tinachitira. Ndimawaonetsa zonse, n'kuwapatsa mbande za nsungwi kuti akabzale kwawo. Koma pokadula nsungwizo ndimadikira pakhale munthu wina pafupi, ndipo dzuwa likafika pamutu ndimakhala nditakwera kale kumtunda.