Lumo la Agogo Ako Lisapite Kumatchini

Ayi, kumatchini ayi. Lemba chomwecho, uwauze amalume ako kuti amayi akana. Akuti chani? Kuti lumo labuntha ndipo mwana ametedwa Ijuma, Lachisanu likubwerali? Ndamva, sindine gonthi. Koma lumo la malemu agogo ako silingapite kwa anyamata a pamsika wa kuboma amene amanola zikwanje ndi gudumu lothetheka moto. Gudumu lija limawotcha chitsulo. Lumo limachokako lonyezimira, koma ukaliika pamutu pa khanda, pafupi ndi liwombo, limakanda ngati mphaka. Mdzukulu wanga woyamba wa kwa mwana wamwamuna atuluke m'chikuta ndi zilonda?

Lemba kuti miyala ili kuno ku Nkope, m'chitini cha pansi pa bedi. Ilipo iwiri, ndi kamwana kake kachitatu. Wokhakhala uja agogo ako anakautola ku Chowe, kumtsinje. Umenewo ndi wa lumo lobenthuka basi, umadya chitsulo. Wakuda wosalala uja anautola kunyanja kuno, ndi umene umapatsa lumo ukali. Agogo ako posankha mwala ankachititsa manyazi. Ankaunyowetsa, kuukanda ndi chikhadabo, kenako kuukhudzitsa kumano. Ukachita gwede ngati mpunga wa mchenga, ankauponya m'madzi. Ine nditasenza dengu la usipa, ndikudikira munthu wamkulu ndevu pepepe akulawa miyala. Asodzi ankakuwa, powaitana ndi dzina la ntchito yawo yometa, kuti, "Che kinyozi, kunyumba sanaphike?" Iwo nkumangolawabe miyala yawo.

Amalume akowo akudziwa kuti bambo awo ankameta anthu pansi pa mtengo wa mango, akulu ndi makanda omwe. Chimene sakudziwa ndi ichi, lemba bwino. Zaka zomaliza zija nyamakazi inawagwira dzanja lamanzere, zala zinapindika. Kumeta ankametabe ndi lamanja, koma kunola kumafuna manja awiri, lina ligwire mwala usagwedere. Lumo linayamba kuzula tsitsi. Ndinkamva ndili kuseri anthu akuti "asss" pampando paja. Ena anayamba kupita kwa anyamata ometa ndi matchini a magetsi. Tsiku lina mkulu wina ananyamuka atametedwa mbali imodzi, akuti wakumbukira mbuzi zake. Agogo ako anakhala pampando womwewo mpaka dzuwa kupendeka, lumo lili pamwendo. Chakudya sanadye.

Iwo ankanena kuti lumo si la mkazi. Ndinali ndisanaligwirepo. Koma zaka zonsezo ndinkapeta mpunga pakhonde iwo akunola, ndiye khutu linali litaphunzira. Lumo likayamba limalira mokhakhala, kenako kulira kuja kumachepa, kumachepa, mpaka kumangonong'ona. Likanong'ona, lakwana.

Ijuma ina atapita kumzikiti ndinalitenga. Ndinathira madzi pamwala wakuda, ndikupaka kamwala kakang'ono kaja mpaka madzi anayera ngati mkaka wa mbuzi. Lumo umaligoneka lonse, msana ndi mlomo zikhudze mwala pamodzi. Osakanikiza ayi, kulemera kwake komwe nkokwana. Umalikankha mlomo patsogolo ngati ukufuna kusenda mwalawo, pofika kumapeto umalitembenuzira pamsana, osati pamlomo, nkubwerera. Ukulemba? Pomaliza palamba wachikopa, koma pamenepo msana ndi umene umatsogola. Ndinaliyesa pamkono panga, ubweya unangogwa wokha. Ndinalipukuta, kulipinda, kulibweza m'thumba lake.

Mawa lake anabwera msodzi wina wa ndevu zolimba ngati chingwe cha khoka. Agogo ako anangokoka kamodzi nkuima. Anayang'ana lumo, anayang'ana kukhonde kumene ndinali. Ine maso mulichero. Anamaliza kumeta, msodzi uja akuti, "Lero dzanja lanu lafewa, mwadya chani?" Iwo akuti, "Mwala wakumbuka ntchito yake."

Sanandifunse, mpaka Mulungu anawatenga sanandifunsepo. Koma Ijuma yotsatira, popita kumzikiti, anasiya lumo pawindo, miyala pambali, ndi kapu ya madzi. Ijuma iliyonse chimodzimodzi. Anthu anabwerera pansi pa mango paja, ndipo ankatama iwowo, ine ndinkasangalala nazo. Iwe amene ukulembawe, mutu wako unametedwa ndi lumo lonola ine, sunalire ngakhale pang'ono. Usaseke, lemba.

Maso anga tsopano ndi utsi wokhawokha, koma kunola sikufuna maso kwambiri. Khutu ndili nalo, manja sanayambe kunjenjemera. Uwauze amalume ako akulunge lumo pansalu, akwere minibasi abwere nalo mawa, asatume munthu. Ndidzanola iwo atakhala pambali, kenako adzagwira okha ndikumvetsera, chifukwa miyalayi adzapita nayo kwawo. Ijuma ndidzakhalako, mwanayo ndidzamugwira ine pometa, Mulungu akalola.

Wamaliza? Usandiwerengere, ndikudziwa zimene ndanena. Munthu uja ndi wa phuma ngati bambo ake, pano mwina waitana kale kabaza wopita kumsika. Tumiza pompano.