Ndinakopa Mwamuna ndi Ndiwo za Abambo Anga

Inu owerenga, ndivomere poyera: mwamuna wanga ndinamukopa ndi ndiwo zomwe sindinaphike ine, ndipo ukwati unatsala pang'ono kundipulumuka.

Kwathu ndi ku Maganga. Abambo anga ndi msodzi wa utaka ku chilumba cha Mbenji. Kumeneko mkazi sapondako phazi, choncho amuna amadziphikira okha, ndipo abambo luso la mphika analitola komweko. Amayi pa ulimi wa mpunga palibe wowaposa, koma akagwira mphika ndiwo zimapserera kapena kusanduka dziwe. Ndiye abambo akakhala pakhomo ankaphika atadzitsekera m'khitchini, amayi n'kutuluka ndi mbale, alendo n'kumayamikira amayi. Chinali chinsinsi chathu, poopa kuti anthu anganene kuti abambo anadyetsedwa khuzumule. Ine tsono ndinatengera amayi.

Yohane ndinakumana naye pamsika wa ku Chipoka. Anali mphunzitsi wochokera ku Ntchisi, wowonda chifukwa chodalira tiyi ndi mbatata. Ndinamukonda kwambiri. Tsiku lina ndinamupatulira utaka wowamba wotendera ndi mpunga wa m'munda mwathu. Atalawa anatsinzina, n'kufunsa ngati ndaphika ndine. Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Kuyambira pamenepo kontena ya ndiwo zophika abambo inkapita ku Chipoka sabata iliyonse, kupatula abambo akakhala kuchilumba. Masiku amenewo ndinkanamizira kudwala mutu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tikukonzekera chinkhoswe, Yohane anatulukira ndi azakhali ake, omwe anamulera, kuti adzaone mkazi wa utaka wotchukawo. Abambo anali ku Mbenji, foni yawo yosagwira, ndipo ine sindikanawatsatira kumalo koletsedwa akazi. Ine ndi amayi tinalowa m'khitchini n'kumangoyang'anana. Ndinathira nsinjiro nsomba zisanafewe, zonse zinamata pansi pa mphika. Amayi anathira mchere, ine osaona ndinathiranso.

Azakhali anatapa kamodzi, n'kugugudiza kapu yonse ya madzi.

"Mwanawe, kodi nsombazi mwakazipha ku nyanja ya mchere?"

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Amayi anapumira m'mwamba nati, "Tisakunamizeni, amayi. Wophika wa pakhomo pano ali ku Mbenji."

Azakhali anaseka mpaka misozi, koma Yohane sanaseke. Anati anazindikira kalekale kuti mutu wanga umawawa pokhapokha maboti akanyamuka, ndipo ankangodikira kuti ndimuuze ndekha. Za kuphika analibe nazo ntchito, chinamupweteka n'chakuti ndinali wokonzeka kulowa m'banja ndi bodza. Masabata awiri anadutsa osandiimbira. Ndinalira, ndipo ndinadziwa kuti ndadzitengera ndekha.

Abambo atabwerako n'kumva nkhaniyi, anamangirira kontena panjinga n'kupalasa mpaka ku Chipoka. Anamuuza Yohane kuti mwana walakwadi, koma kubisa anamuphunzitsa ndi iwo. Anawonjeza kuti ngati akundifunabe, abwere Loweruka tidzaphunzire tonse awiri. Loweruka m'mawa ndinamva belu la njinga ya Yohane pakhomo. Ndinamupepesa ndisanamulonjere n'komwe.

Tsiku limenelo abambo anaphika chitseko chili pululu, oyandikana nafe akusuzumira. Ena anaseka, inde, koma omwewo anabwera ndi mbale.

Lero tili ndi ana awiri. Masamba ndi nyemba ndimayesako ndithu, koma utaka wotendera unandikana, unakonda Yohane.

Atsikana anzanga, ndi inu anyamata, nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka. Ngati china chake simuchitha, nenani chibwenzi chikadali chanthete, wokukondani akonde inuyo. Ine ndinatsala pang'ono kutaya mwamuna wabwino chifukwa chogwedeza mutu kamodzi kokha. Masiku ano mlendo akanyambita zala n'kuyamba kundiyamikira, ndimamudula msanga: "Zikomo, koma aphika ndi abambo a ana."