Mabotolo Amene Bambo Adakwirira

Pawindo la kukhitchini kwanga pali kachidutswa ka paipi yachitsulo, kotalika ngati chikhatho. M'kati mwake dzimbiri lidamangana mpaka pakabowo kotsala sipangalowe ngakhale kamtengo ka machesi. Ana anga afuna kukataya kangapo konse, ndipo nthawi zonse ndimawakalipira osawauza chifukwa. Kadachokera kunyumba ya bambo anga ku Mangochi, chaka chimene adamwalira, ine ndili ndi zaka khumi.

Bambo adatisiya m'nyengo yozizira, mayi n'kulowa eda. Kwathu kwa Asilamu mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osatuluka, osaonana ndi mwamuna amene si mbale wake. M'masiku amenewo palibenso amene angamutulutse m'nyumba ya mwamuna wake. Koma masiku amatha. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, adali atapeza kale munthu wofuna kuchita lendi nyumbayo, ndipo munthuyo adangonena chinthu chimodzi, kuti salowa m'nyumba yopanda madzi. Eda ikadzatha mpopi ukutuluka, ife tinkayenera kunyamuka kupita kwa agogo ku Chowe. Mayi mtima wawo udali pa amjomba, mlongo wawo amene ankagwira ntchito ku Joni. Iwo adatumiza mawu kuti afika mvula yoyamba ikagwa, adzakhale pansi ndi akuchimuna pamaso pa ashehe ife tikadali m'nyumbamo. Zonsezi ndidazidziwa ndili wamkulu. Panthawiyo ine ndinkangodziwa khosi langa basi.

Mpopi wathu udayamba kudwala bambo akadali moyo. Ukautsegula unkayamba wabuula, kenaka n'kulavula timadzi tofiira tonunkha msomali wonyowa. Pofika mwezi wa Okutobala udauma gwa. Ndiye madzi ophikira, ochapira, osamba, ndi oti mayi atawazire, ndiko kutsuka nkhope, manja ndi mapazi asanapemphere swala kasanu patsiku, onse ankadzera pamutu panga kuchokera kumjigo wa kumzikiti. Dzuwa la Mangochi mukulidziwa inu? Mchenga unkawotcha kumapazi ngakhale m'mawa, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Tsitsi lidasosoka pamene pankakhala nkhata. Kusukulu ndinkafika belu litalira kalekale, aphunzitsi n'kumati, "Abwana a mjigo afika, tawaomberani m'manja!" Kalasi yonse phwete, ine n'kugwada pakhomo.

Tsiku limene bambo aang'ono adafika ndi mpukutu wa paipi yakuda yapulasitiki panjinga, kumbuyo kwawo kuli afundi okonza mipopi, ndidawagwadira powathokoza. Kalanga ine, kupusa kwakeko! Ndinkayesa andimvera chisoni.

Afundiwo adali nkhalamba yaifupi, yosachedwa kupsa mtima. Adazungulira nyumba, n'kugogoda khoma, n'kunena kuti paipi yatsopano iyenera kulowera pabowo lomwe idalowera yakale pansi pa maziko, chifukwa kuboola pena khoma lokalamba ngati lija likadang'aluka. Tsono bowolo lili pati? Paipi adaikwirira bambo ndi mayi okha, ine ndisanabadwe. Wodziwa adatsala mmodzi, ndipo afundi sakadaonana naye. Ankaima panja atafulatira windo, ine n'kumathamanga ndi mawu pakati pawo.

Amuna atayamba kuyendayenda pabwalo, mayi adasamukira m'kachipinda kakang'ono ka pakati. Windo lake adalitchinga ndi chitenje chokhuthala. Masana malata ankathetheka ndi kutentha, ndipo ukalowamo mpweya unkakugwira pakhosi, fungo la thukuta ndi sopo wochapira. Ankakhala pamkeka atatsamira khoma, mikanda yowerengera mapemphero ili m'manja, thukuta likutsikira m'chibwano. Mayi amene kale ankayenda mpaka kudoko kukapikula usipa tsopano dziko lawo lidali mapazi anayi uku, anayi uko.

"Kawauze afundi kuti ngati idadzera cha kumtengo wa mango kuja," adatero tsiku loyamba.

Afundi adakumba masiku awiri, n'kupeza mizu yokhayokha. Adatukwana m'Chiyao, n'kunyamula zitsulo zawo kupita ku ntchito ina, sabata yathunthu osaoneka. Atabwerera mayi adati ngati ndi kukhonde. Kudapezeka njerwa zosweka. Kenaka adati mwina cha kubafa. Nyumba yonse idazunguliridwa ndi maenje ndi milu ya mchenga, moti potuluka tinkadutsa pathabwa. Bambo aang'ono, amenenso sankaloledwa kuona mayi, ankaima pakhonde kulankhula ndi khoma: "Alamu, kodi maliro akusokonezani mutu?"

Inenso ndinkaganiza zomwezo, ndipo ndidakwiya nawo. Mayi amene ankadziwa pamene pagona singano iliyonse m'nyumbamo, lero aiwale njira ya paipi? Ndidaonanso kuti akangonditumiza ndi yankho, swala yawo yotsatira inkatalika, chipumi chili pamkeka, mapewa akugwedezeka. Ndinkati akulira bambo. Lero ndikudziwa kuti ankapepesa kwa Mulungu. Mayi anga sankanama ngakhale pa mtengo wa tomato, ndipo bodza lililonse linkawawawa, koma lidali kuwagulira sabata imodzi.

M'mawa wina thabwa lija lidandigwetsa. Ndidagwera m'dzenje ndi ndowa yodzaza, bondo n'kuchekeka pa njerwa, madzi amene ndidawaimira pamzere kuyambira mbandakucha n'kumwedwa ndi mchenga ine ndikuona. Ndidakhala momwemo kulira ndi ukali. Ndipo m'kulira momwemo ndidakumbukira mabotolo. Tsiku lina ndikusewera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi papaya, bambo adandiletsa kukumba ndi kakhasu kanga. Adapalasa mchenga ndi phazi n'kundionetsa matako a mabotolo okwiriridwa chozondoka, ali pamzere mpaka kukhoma. "Apa osakumbapo, mama, ndi njira ya madzi," adatero.

Sindidafunse munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo womva m'mimba ndidali ine. Ndidawakoka afundi pamkono mpaka kuseri, n'kupalasa ndi phazi monga adachitira bambo. Botolo lobiriwira lidatulukira, kenaka lina, kenaka lina. Afundi adaseka koyamba chibwerere chawo. "Mwana uyu ndi injiniya!" adakuwa. Ndidathamangira m'kachipinda muja mtima uli m'mwamba.

"Amayi, ndawaonetsa! Inu mudaiwala, koma ine ndakumbukira!"

Mikanda idaima m'manja mwawo. Sadandiyang'ane kumaso, adayang'ana bondo langa limene linkachucha magazi. Adang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo, n'kundimanga pang'onopang'ono. "Wachita bwino, mwanangu," adatero. "Khosi lako lipume."

Ntchito imene idakanika mwezi wathunthu idatha masiku atatu. Afundi adadula paipi yakale ndi sowo, n'kundiponyera kachidutswa kaja kuti ndione zomwe tinkamwa. Madzi adatuluka Lachisanu, oyera mbee, amphamvu mpaka kuthovokera pansi. Ndidamwa mpaka mimba kuti ndi, n'kutungira mayi m'kapu. Adaigwira nthawi yaitali asanamwe, kenaka adamwa onse. Adati ngokoma. Eda idali itatsala masiku asanu ndi anayi, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

Tsiku lomaliza amayi a kumzikiti adabwera kudzawasambitsa, ndi madzi omwewo a mpopi watsopano, n'kuwaveka zovala zina. M'mawa mwake galimoto ya matola idaima pamsewu. Mayi adatuluka akuphethira ngati munthu wochokera m'chipatala, nkhope itayezuka. Sadalunjike kugalimoto. Adazungulira kuseri, n'kuima pa papaya pamene afundi adaunjika mabotolo a bambo, n'kuwayang'ana osatola ngakhale limodzi.

Mvula idagwa patatha masabata awiri, ndipo amjomba adafikadi monga adalonjezera. Adapeza pamawindo athu pali makatani a eni. Nkhani ya munthu amene watuluka kale m'nyumba siilimba ngati ya amene akadali m'katimo. Adakhala pansi kangapo, kenaka idangozilala. Mayi adakalambira ku Chowe, ndipo mpaka kumwalira kwawo sadandiuze kanthu. Adandiuza ndi amjomba, ine ndili kale ndi ana awiri, akuyesa kuti ndinkadziwa. Zimandiwawa mpaka lero, osati chifukwa cha nyumba ayi, koma chifukwa cha mawu aja akuti ndachita bwino.

Koma m'galimoto muja ine ndidali nditatupa ndi mkwiyo, kachidutswa ka paipi ndili nako m'manja. Ndidavutika, ndidakumbukira zimene akulu adaiwala, madzi adabwera, ndiye tichoke pompano? Ndidawagwedeza mayi pabondo.

"Nanga madzi anga aja tikusiyira yani?"

Adandikokera pachifuwa pawo, n'kundisisita pamene tsitsi lidasosoka. Ine ndidawakankha, poganiza kuti aiwalanso kuyankha.