Mmene Ndinapulumutsira Amayi kwa Anthu Owatemwa

Mbiri ya dziko lino ikadalembedwa mwachilungamo, dzina langa likadakhala m'mabuku a sukulu, pakuti ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinalepheretsa ndekha chiwembu chofuna kupha wantchito wa boma kufupi ndi Champhira. Vuto ndi limodzi lokha, loti chiwembucho kunalibe. Koma munthu amene anasiyira koleji panjira ngati ine sataya ulemerero wake pa chifukwa chaching'ono chotere.

Wantchito wa bomayo anali amayi anga, namwino wa ku Dedza amene anatumizidwa kum'mwera kwa Mzimba bambo atangomwalira. Tinafika m'nyengo yozizira, anthu atakolola, mpweya ukununkha fodya wouma ndi utsi wa mapesi. Nyumba yathu yokha ndi imene inkanunkha mankhwala, chifukwa m'mawa uliwonse amayi ankawiritsa masingano m'kapoto, n'kumanga bokosi la katemera pakaliyala, n'kupemphera chiimirire, dzanja limodzi litagwira njinga. Ankazungulira midzi kutemera ana, ndipo pamene pamsika ankafunsa khadi la chipani, iwo ankangofunsa khadi la sikelo. Lamulungu ankapalasanso kupita ku katchalitchi kofolera ndi udzu, kumene ankaphunzitsa ana m'Chitumbuka chothyokathyoka. Changa Chitumbuka chinali mawu awiri, yewo ndi chomene, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito popereka moni, popepesa ndi pa ndewu.

Lachisanu lina amayi anandituma kuchigayo. Pamzere panali NyaShaba, mayi wa mikono ya mlimi weniweni, amene mwana wake anatupa phewa n'kutentha thupi masiku awiri atalandira katemera. Atandiona anakodola mnzake nati, "Anesi aŵa tikuŵatemwa chomene. Pa Sabata ŵazamuwona." Ine ndinamva zonse. Kutema ndinkakudziwa, chomene ndinkamudziwa, ndipo pambali pa thumba la NyaShaba panali nkhwangwa yake ya nkhuni. Mlandu unali wachidziwikire: mwatemera mwana wathu, ifenso tikutemani Lamulungu.

Sindinawauze amayi, poti ndinkadziwa kuti angoti Mulungu alipo n'kupitabe. Loweruka masana ndinazula mavalavu onse awiri a njinga n'kuwaponya m'chimbudzi. Kutacha amayi anayang'ana matayala, anayang'ana ine, anamanga Baibulo m'chitenje, n'kuuyamba wapansi. Ndinawatsatira ndikulira chamumtima, ndikuwerenga m'mutu abale a ku Dedza amene akanandilera, ndipo onse anali aumbombo.

Mapemphero atatha azimayi anawazungulira amayi pabwalo, NyaShaba ali patsogolo, dzanja lili m'dengu. Apo ndinalowa pakati, ndinatambasula manja, n'kulengeza kuti ateme ine, amayi awasiye. M'dengumo munatuluka tambala womangidwa miyendo, amene ankaoneka wodabwa mofanana ndi ine, kenaka nyemba, mtedza ndi nsalu yatsopano. Miyezi imeneyo chikuku chinali chitasiya timanda tating'ono m'madera oyandikana, koma m'midzi imene njinga ya amayi inkafika ana ankathamangabe pabwalo, ndipo azimayiwo anapangana zothokoza. Mmodzi wodziwa Chichewa atamva mlandu wanga anakhala pansi ndi chiseko, n'kumasulira anzake, nawonso n'kukhala pansi. NyaShaba anandigwira pamutu nati m'Chichewa chothyokathyoka, "Mwana wanga, kuno kutemwa ndi kukonda. Mbwenu nawenso takutemwa." Ndinayankha kuti yewo chomene, kutanthauza zikomo kwambiri, ndipo aka kanali koyamba kuti mawuwo agwere pamalo pake.

Amayi sanachokenso kumeneko. Kalata yowasamutsa ikabwera ankapita okha kuboma kukapempha kuti awasiye, ndipo pa malipiro a namwino analera ine ndi ana ena amasiye amene ankangofika ngati odwala n'kukhazikika ngati abale. Anaikidwa m'manda a mudzi womwewo. Amuna amene anakumba manda awo anavula malaya chifukwa cha dzuwa, ndipo ndinaona kuti aliyense ali ndi kachipsera paphewa, ntchito ya dzanja la amayi. Ine mapepala a koleji ndilibe, koma ndine mwana wa munthu amene anatema mudzi wonse, mudziwo n'kumulirira masiku atatu.

Pobwerera tsiku lija amayi sanandikalipire. Anangondinyamulitsa tambalayo njira yonse, ndipo Lolemba ananditumiza kwa wokonza njinga ndi ndalama zanga za zitumbuwa, chifukwa Lachiwiri kunali sikelo. Ungwazi wonsewo unandidyera matambala khumi, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti bamboyo anandidulitsa.