Msewu Wonse Unameta Mpala

Panali mnyamata wina wometa tsitsi amene anzake ankamutcha Chumuni. Ndudu anaiyamba ali pasukulu, kuseri kwa chimbudzi, ndipo pofika pokwatira inali itamugwira kotheratu. Ankameta mutu theka n'kutuluka kukasuta, kasitomala ali pampando, nsalu ili m'khosi.

Chinamutembenuza ndi khanda lake. Akati alinyamule, linkatsokomola n'kuyamba kulira, mkazi wake n'kumulanda.

"Bambo a mwana, sankhani," anatero mkaziyo. "Mwana kapena utsi."

Chumuni anasiya. Komatu chibaba cha fodya sichitsanzika mwaulemu. Mutu unkamuwawa, mtima unkapsa pachabe, manja ankanjenjemera ngati a nkhalamba. Mzere uliwonse umene ankadula pamphumi unkatuluka wokhota.

Woyamba kulakwiridwa anali telala woyandikana naye, bambo wachikulire wonyadira tsitsi lake. Anadziyang'ana pagalasi kwa nthawi ndithu.

"Iwe mwana, wandimeta kapena wandilima?"

"Pepani madala, ndasiya fodya. Mwina ndikasuteko kamodzi kokha, manjawa akhazikike."

Telala anamugwira malaya. "Sutuluka muno. Ingometa mpala, pamenepo sipafunika mzere."

Nkhaniyo inawanda. Wokonza njinga, wowotcherera zitsulo, ngakhale aphunzitsi amene ankamukwapula chifukwa cha ndudu zomwezo, onse anabwera kudzapempha mpala. Msewu wonse unangoti mbee, akazi awo akudandaula kunyumba.

Pamene tsitsi linkameranso, manja a Chumuni anali atakhazikika, ndipo mwana uja ankagona pachifuwa pake mpaka kumunyowetsa malaya ndi dovu.