Dzenje Limene Linakumbidwira Galu

Inu amene mwagwa mphwayi, tamvani za mayi wina, dokotala wa ziweto, katswiri wa maopaleshoni a msana.

Ngozi ya galimoto inamulanda mwamuna wake, inaphanso dzanja lake lamanja. Dzanjalo linkangolendewera, kulibaya ndi singano osamva kanthu. Ntchito inathera pomwepo. Anadzitsekera m'nyumba, makatani otseka usana wonse, ali ndi galu wa malemuwo basi.

Kenaka galuyo anafa miyendo yakumbuyo, nalekeratu kuuwa. M'nyumba munkangomveka khwee, khwee, iye akudzikoka pasimenti mpaka pakhomo la kuchipinda. Akafika ankayang'anitsitsa mbali ya bedi imene mbuye wake ankagona, osaphethira. Anansi analeka kubwera. Ankanong'onezana kuti wakufayo akutenga zake, chimodzichimodzi.

Mchimwene wa malemu anakumba dzenje kuseri kwa nyumba osafunsa n'komwe.

"Alamu, m'bayeni jakisoni apume. Dzenje ndakumba kale."

"Dikirani, alamu," anatero mayiyo. "Chilipo chimene ndakhala ndikuopa kuyesa."

Pantchito ya madokotala a ziweto, galu wofa miyendo amam'tsina chala mwamphamvu ndi kachitsulo kopanira. Akangokoka mwendo, si kanthu. Koma akatembenuka n'kulira, ndiye kuti mitsempha sinaduke, uthenga ukufikabe kuubongo.

Mayiyo anagwada, natsamiza dzanja lakufa lija pakhosi pa galu, n'kutsina ndi lamanzere. Zii. Galu maso ali pabedi pomwe paja. Anafinyanso ndi mphamvu zonse. Abale inu! Galu uja analira ngati munthu, n'kutembenuka, mano onse m'dzanja lakufa.

"Mayo ine!" anakuwa mayiyo. Kenaka anayamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Mlamu uja anabwerera chafutambuyo, poganiza kuti mutu wazungulira.

"Zikupweteka, alamu! Tonse awiri tikumva!"

Musaganize kuti galuyo anadzuka tsiku lomwelo, ayi ndithu. Panali mankhwala ochepetsa kutupa kwa msana. Panali kum'nyamula ndi thaulo kumimba, kumuyendetsa m'bafa la madzi ofunda, kupinda ndi kuwongola miyendo m'mawa ndi madzulo. Masiku ena ankagwera limodzi pasimenti, mayiyo n'kulira ndithu. Koma zala zake zinkalimbira pantchito yomweyo.

Lero galuyo amayenda modzandira ngati wachokera kumowa, koma akuyenda. Mayiyo sanabwererenso kuntchito ya maopaleshoni. Anatsegula makatani, ndipo pabalaza pake ndi pamene agalu ndi amphaka opuwala amaphunziriranso kuyenda. Dzenje lija mlamu anakwirira yekha mulibe kanthu, uku akudandaula kuti anavutitsa msana wake pachabe.

Inunso ngati zikukupwetekani lero, musathamangire kudzikumbira dzenje. Ululuwo ukukuuzani kuti simunathe, mukumvabe. Gwirani thaulo, dzukani. Osataya mtima.